Kuphunzitsa za thanzi la maganizo kusekondale: m'phunzirolo mumakhala chiyani, nanga limathandizadi?

Pakangomveka nkhani yoti mwana wa sukulu wadzipha, kaya zotsatira za mayeso a MANEB zitangotuluka kumene, kaya chibwenzi chitatha, ndemanga za pa Facebook ndi za oimba foni pa wailesi zimathera pa mfundo imodzi: boma liyambe kuphunzitsa za "mental health" m'sukulu. Wina amayankha kuti phunziro la Life Skills lilipo kale, nanga likutani? Wina amati ana a masiku ano ndi olobodoka, chikusowa ndi mkwapulo ndi pemphero. Koma ukafunsa kuti m'phunzirolo muzikhala chiyani, aziphunzitsa ndani, ndipo mwana akadzutsa dzanja n'kunena kuti "ine ndikudwala zimenezo" azipita naye kuti, pamakhala zii.

Mafunso atatuwo ndiwo mutu wa nkhaniyi. Ali ndi mayankho ake, ena ochokera konkuno, ena ochokera kutali, ndipo si onse okoma kuwamva.

Tiyambe ndi mawuwo

Mawu achingerezi akuti "mental health" pa Chichewa timati thanzi la maganizo, ena amati umoyo wa m'maganizo. Chisokonezo choyamba chili pomwepa: ambiri akamva mawuwa amaona munthu wa nsanza wotola zinyalala pamsika, kapena amakumbuka nthabwala zija zoti "ameneyu ngofunika ku Zomba". Koma thanzi la maganizo si matenda. Aliyense ali nalo, monga momwe aliyense alili ndi thanzi la thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalifotokoza ngati mkhalidwe umene munthu amatha kupirira zopsinja za tsiku ndi tsiku, kuphunzira ndi kugwira ntchito bwino, kugwiritsa ntchito luso lake, komanso kukhala wothandiza pakati pa anzake. Thanzi limeneli limakwera ndi kutsika, monga thupi limene lero ladzuka bwino, mawa laphwanya.

Akatswiri ophunzitsa nkhaniyi m'sukulu amakonda kuigawa m'magawo, ndipo kugawaku ndiko phata la phunziro lonse. Pali kupsinjika kwa masiku onse: mtima kugunda mayeso a masamu akayandikira, kukhumudwa mnzako akakunena, kusowa kwanu sabata yoyamba ku boding'i. Izi si matenda. Ndi mmene thupi limakuuzira kuti pali chinthu chofunika kuchikonzekera, ndipo mwana amene sanamvepo mantha a mayeso nthawi zambiri ndi amene sawerenga. Pali vuto lalikulupo, lobwera ndi chinthu cholemera ngati maliro a kholo, kutha kwa banja kapena kuthamangitsidwa chifukwa cha fizi. Mwana amalira, sagona, amalephera kuwerenga kwa masabata angapo. Akufunika anthu omugwira dzanja, koma nthawi zambiri safunika mankhwala. Kenako pali matenda enieni a maganizo, amene amapimidwa ndi wachipatala ndipo ali ndi chithandizo chake.

Yerekezani ndi kutentha kwa thupi. Mwana amene wathamanga padzuwa watentha, wa chimfine watentha, wa malungo naye watentha. Mayi wozindikira sathamangira kuchipatala ndi woyambayo, koma sagonekanso wachitatuyo pamphasa masiku asanu akungoti chidzatha chokha.

Matenda amene amapezeka kwambiri mwa achinyamata ndi awiri. Oyamba ndi amene Angerezi amati "depression", ife tizingoti matenda okhumudwa. Amasiyana ndi kukhumudwa wamba pa zinthu zitatu: kutalika kwake, kulemera kwake, ndi zimene amaononga. Achipatala amayang'ana ngati kwa masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wosweka mtima kapena wataya chidwi pa zinthu zimene ankazikonda, kuphatikizapo kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona wachabechabe, mwinanso kuganiza za imfa. Mwa achinyamata nthendayi imabisala m'kupsa mtima. Mnyamata amene wayamba kuyankha aphunzitsi mwamwano ndi kumenya anzake popanda chifukwa akhoza kukhala kuti akudwala, ngakhale sanagwetse msozi n'kamodzi komwe. Achiwiri ndi matenda a nkhawa, pamene mantha amapitirira muyeso wa chinthu choopedwacho mpaka mwana amajomba sukulu, kapena amabanika, kutuluka thukuta ndi kumva ngati mtima uima.

Zimene timazitcha misala, monga kumva mawu amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zosatheka, ndi gulu lina laling'ono, ndipo nalonso limachizika. Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo yosiyana ndi zonsezi, siipatsirana ndi malovu kapena mpweya monga ena amanenera, ngakhale kuti kuno odwala khunyu ndi odwala maganizo nthawi zambiri amaonedwa ndi achipatala omwewo.

Chifukwa chiyani zaka zimenezi

WHO imati mwa achinyamata 7 alionse a zaka zapakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi nthenda ina ya maganizo. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa ku America mu 2005 anapeza kuti pafupifupi theka la matenda amenewa amayamba munthu asanapitirire zaka 14, ndipo magawo atatu mwa anayi amakhala atayamba pofika zaka 24. Ikani ziwerengerozo pa kalasi ya ku CDSS ya ana 70: ndiye kuti ana pafupifupi 10 akhala pamabenchi ndi katundu wosaoneka. Zaka za Sitandade 7 mpaka Fomu 4 ndi pamene mbewu yambiri imamera, ndipo sukulu ndi malo okhawo amene ana a msinkhu umenewu amasonkhana tsiku ndi tsiku pansi pa diso la munthu wamkulu amene si kholo lawo.

Palinso nkhani ya ubongo. Mbali zake zokhudza chilakolako, mkwiyo ndi kufuna kutamidwa ndi anzako zimachita changu munthu akangotha msinkhu. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imayeza zotsatira ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma, imamaliza kukhwima munthu ali m'zaka za m'ma 20. Zili ngati minibasi ya injini yatsopano koma mabuleki akadali kwa makaniko. N'chifukwa chake mwana wanzeru m'kalasi amatha kupanga chiganizo choopsa pa mphindi khumi za manyazi, chimene mawa lake sakanachipanga.

Ndiye onjezanipo za kwathu kuno. Fizi. Mtsikana wa selufu boding'i amene ufa wamuthera pa 15 ndipo kwawo foni sakuyankha. Tizi ya ana a Fomu 1. Mapointi a MSCE amene mudzi wonse ukudikira. Ana obadwa ndi HIV amene amabisa botolo la mankhwala pansi pa matiresi kuopa anzawo a m'hositelo. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, atsikana zikwizikwi anatenga mimba kapena kukwatiwa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mabanja ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, makalasi n'kusanduka misasa ya othawa madzi. Sukulu zitatsegulidwanso, ana ena anakhala m'chipinda chomwecho chimene analiriramo abale awo, n'kumauzidwa kuti atsegule tsamba 40.

Ndili Fomu 3 tinali ndi mnzathu wina wa mpira kwambiri. Temu yachiwiri anasiya kubwera kubwalo, kenako anasiya kusamba, nthawi ya prepu ankangoika mutu pa desiki. Tinamupatsa dzina lachipongwe, aphunzitsi ena ankati wayamba chamba, ndipo tsiku lina analandira chibalo chokumba dzenje chifukwa chogona m'kalasi. Temu yachitatu sanabwerenso. Pasukulu yonse panalibe mmodzi, ngakhale ine amene ndinkagona bedi loyandikana naye, amene anali ndi mawu otchulira zimene tinkaonazo.

Zimene zimaphunzitsidwa

Mu 1997 katswiri wina wa ku Australia, Anthony Jorm, ndi anzake anayambitsa mawu akuti "mental health literacy". Tanthauzo lake ndi kuzindikira nkhani za thanzi la maganizo, monga momwe munthu wodziwa kuwerenga amazindikirira chikwangwani cha pamsewu. Dokotala wa ku Canada, Stan Kutcher, amene anakonza buku lophunzitsira nkhaniyi m'masekondale, anaiika pa mizati inayi: kudziwa kusamala thanzi la maganizo, kudziwa matenda ndi chithandizo chake, kuchepetsa kusalana, ndi kudziwa nthawi, malo ndi njira yopemphera thandizo.

Mzati woyamba ndi wosavuta kuufotokoza. Tulo tokwanira, pakuti achinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, zimene zimatsutsana ndi mwambo wathu wodzuka 2 koloko usiku kukawerenga mapazi ali m'madzi ozizira. Masewera, chakudya, mabwenzi, kupewa mowa ndi chamba. Kugawa vuto lalikulu m'zidutswa zing'onozing'ono. Zambiri mwa izi zimakhudzidwa kale mu Life Skills.

Mizati inayo ndiyo imavuta, ndipo siphunzitsika ndi manotsi a pa bolodi. Tiyerekeze kalasi ya Fomu 2. Aphunzitsi awerenga nkhani yopeka ya mtsikana amene kwa mwezi wathunthu wasiya kwaya, amangogona, ndipo dzulo wapatsa mnzake diresi lake lokondedwa n'kumuuza kuti iye salifunanso. Afunsa kalasi kuti mtsikanayu watani. Kumbuyo wina akuti "walodzedwa", wina "ali ndi mimba", wina "ndi matama chabe", kalasi yonse n'kuseka. Aphunzitsi odziwa ntchito sakalipa. Alemba mayankho onsewo pa bolodi, kenako afunsa kuti: "Inuyo mukanakhala mnzake wapamtima, mawu anu oyamba akanakhala otani?" Ana awiri abwera kutsogolo kudzasewera. Woyamba akuti, "Iwe limba mtima, ena akuvutika kuposa iwe." Kalasi ikambirana ngati mawuwo atsegula kapena atseka pakamwa pa wodwalayo. Wachiwiri ayesa kuti, "Ndaona kuti masiku ano suli momwe umakhalira. Chikuchitika n'chiyani?" Pomaliza afika pa funso lovuta: mnzakoyo akakulumbiritsa kuti usauze munthu, koma wanena kuti watopa ndi moyo, utani? Phunziro likufuna mwana atuluke akudziwa kuti chinsinsi chimenecho sichisungidwa, ndiponso akudziwa dzina la munthu wamkulu woti akamuuze lero lomwelo.

Pa kusalana, chimene chimagwira mtima kwambiri si kuuza ana kuti kusala n'koipa. Ndi kuwaonetsa munthu amene anadwala n'kuchira, akugwira ntchito, akulera ana ake. Tinazionera pa nkhani ya Edzi: zikwangwani zinachita zochepa, koma anthu atayamba kuimirira pagulu n'kunena kuti ali pa ma ARV ndipo ali bwinobwino, manong'onong'o anayamba kuchepa.

Kuno zinayesedwapo

Si nkhani yachilendo ku Malawi. Buku la Kutcher lija linasinthidwa kuti ligwirizane ndi kuno, pa ntchito imene inachitika m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima mothandizana ndi Farm Radio International ndi Farm Radio Trust, ndi thandizo la ndalama la Grand Challenges Canada. Ntchitoyo inali ndi miyendo itatu: kuphunzitsa aphunzitsi, kuphunzitsa azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira ndi kuchiza matenda okhumudwa mwa achinyamata, ndi pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, imene magulu a ana a sukulu ankamvera pamodzi n'kukambirana. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2015 zinaonetsa kuti aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata oposa 200 amene anachita maphunziro a masiku atatu anatuluka akudziwa zambiri, ndipo maganizo awo pa odwala anasintha.

Chimodzi mwa zimene okonza ntchitoyo anakumana nazo n'chakuti panalibe liwu limodzi la Chichewa logwirizana ndendende ndi nthenda ija ya "depression". Anthu amati "kuganiza kwambiri", "nkhawa", "mtima ukundipweteka", "mutu sukuyenda". Anzathu a ku Zimbabwe amati "kufungisisa", ndipo dokotala Dixon Chibanda anamanga pa liwu limenelo ntchito yake ya Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo. Nkhani ya chilankhuloyi si yaing'ono. Kusekondale timaphunzira m'Chingerezi, koma palibe mwana amene amalira m'Chingerezi. Akhoza kuloweza tanthauzo la nthendayo, n'kukhoza funso lake pa mayeso, osazindikira kuti likunena za kulemera kumene iye amadzuka nako pachifuwa.

Kodi zimathandizadi?

Yankho likudalira chimene mukuyeza. Ngati mukuyeza chidziwitso ndi kachepedwe ka tsankho, maphunziro otere amathandiza pafupifupi kulikonse kumene ayesedwa. Ngati mukuyeza kuti ana odwala achepa, nkhani imasakanikirana.

Ku Ulaya, kafukufuku wa ana pafupifupi 11,000 m'maiko 10, amene anasindikizidwa mu 2015, anayesa pulogalamu yotchedwa Youth Aware of Mental Health. Inali ya maola asanu okha m'masabata anayi, yodzaza ndi timasewero ndi kukambirana ngati tafotokoza pamwambapa. Patatha chaka, ana oyesa kudzipha m'sukulu zimenezo anali pafupifupi theka poyerekeza ndi sukulu zimene sizinalandire pulogalamuyo.

Koma ku Britain kunachitika zina. Kafukufuku wotchedwa MYRIAD, wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Oxford, anayesa kuphunzitsa ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14 njira yokhazika maganizo pansi poika chidwi pa kapumidwe ndi zimene zikuchitika panthawiyo. Zotsatira zake mu 2022 zinaonetsa kuti sizinapose maphunziro a masiku onse. Ana ambiri ankati n'zotopetsa ndipo kunyumba sankazichita. Kuchokera pamenepo akatswiri ena, monga Lucy Foulkes wa ku Oxford komweko, akhala akufunsa ngati kulankhula kwambiri za matenda kwa ana onse sikungapangitse ena kutenga kukhumudwa wamba ngati nthenda. Mtsutsowu sunathe. Umatikumbutsa chifukwa chake magawo aja, kusiyanitsa kutentha kwa dzuwa ndi malungo, ali ofunika kuposa mndandanda wa zizindikiro.

Kafukufuku amene amandiganizitsa kwambiri ndi wa ku Bihar ku India, dera losauka la makalasi odzaza ngati athu. Pulogalamu yotchedwa SEHER siinangoona za m'kalasi. Inkafuna kusintha mkhalidwe wa sukulu yonse, ndi bokosi loponyamo madandaulo, magulu a ana, malamulo oletsa kuzunzana ndi uphungu wa mmodzimmodzi. M'sukulu zina inayendetsedwa ndi mlangizi wamba wolembedwa ntchito yokhayo, m'zina inayendetsedwa ndi mphunzitsi wa pasukulupo. Zotsatira za mu 2018 zinati kumene kunali mlangizi, kuzunzana ndi zizindikiro za matenda okhumudwa zinatsika kwambiri. Kumene kunali mphunzitsi, sipanaoneke kusintha. Pulogalamu yomweyo, buku lomwelo. Ku Kenya nako, bungwe la Shamiri limagwiritsa ntchito achinyamata ongomaliza kumene sekondale kutsogolera timagulu ta ophunzira kwa masabata anayi, osatchula n'komwe mayina a matenda, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anaonetsa kuti zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa zinachepa.

Aphunzitse ndani, nanga khomo lili kuti

Zotsatira za ku Bihar sizikutanthauza kuti aphunzitsi ndi osatha ntchito. Zikuonetsa mpando umene akhalapo. Munthu yemweyo amene amachonga mayeso, kupereka chibalo ndi kulemba lipoti la kwa makolo ndi wovuta kumuululira kuti bambo wokupeza amakulowera m'chipinda usiku. Mphunzitsi wa ku CDSS ali ndi mapiriyodi odzaza, silabasi yothamangitsa, ndi ngongole zakezake zomusowetsa tulo. Ndipo ana amadziwa mmene nkhani zimayendera mu sitafu rumu. Mwana mmodzi akaulula zakukhosi Lolemba, Lachitatu n'kumva mphunzitsi wina akumuponyera mawu okuluwika pa asembule, sukulu yonse yaphunzira phunziro limene buku lililonse silingafafanize.

Komabe mbali inayo ili ndi mfundo zake. Aphunzitsi alipo kale m'sukulu iliyonse, pamene alangizi apadera amafuna malipiro amene nthawi zambiri amatha tsiku limene pulojekiti yatha. Mphunzitsi ndiye amaona kuti malikisi a mwana agwa, kuti wayamba kujomba Lachisanu lililonse, kuti wavala juzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo pofuna kubisa mabala odzicheka m'mikono. Ntchito yake si kupima nthenda kapena kuchiza. Ndi kuona, kufunsa pambali, kumvetsera, ndi kuperekeza.

Kuperekeza kuti? Apa ndi pamene phunziro lonse limaimirira kapena kugwa. Njira ya boma imayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kupita ku chipatala chachikulu cha m'bomalo kumene kumakhala anamwino kapena makiliniko ofesa ophunzira za matenda a maganizo, kenako odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala akuluakulu a matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Palinso nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa pothandiza ana ndi achinyamata. Sukulu imene yaphunzitsa ana kuti "ukavutika pempha thandizo" koma ahedi sadziwa tsiku limene namwino wa za maganizo amaona odwala ku chipatala cha boma, yafanana ndi munthu woitanira alendo kunyumba yopanda chitseko cholowera.

Kutchula za kudzipha pamaso pa ana

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amaopa kuti ukatchula nkhaniyi wabzala maganizowo mwa mwana. Izi zinafufuzidwa, kuphatikizapo pa ana a sekondale ku America mu kafukufuku wa mu 2005, ndipo zinapezeka kuti kufunsa mwana mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikuonjezera chiopsezo. Amene anali ndi maganizowo kale nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Choopsa chili pena. Kufotokoza njira imene wina anagwiritsa ntchito, kugawana zithunzi ndi kalata yake pa WhatsApp, kumusandutsa ngwazi, kapena kupereka chifukwa chimodzi chophweka ngati "analephera mayeso basi", zimenezi ndizo zimakoka ana ena amene ali kale pamphepete. N'chifukwa chake alangizi amati nkhaniyi ikambidwe m'timagulu ting'onoting'ono, osati pa asembule ya ana 600 pamene palibe angaone nkhope ya amene wagwidwa nayo. Zizindikiro zophunzitsidwa ndi monga kunena kuti "ndine mtolo kwa anthu", kugawa katundu, kutsanzika modabwitsa, kudzipatula, ndi kudekha kwadzidzidzi pambuyo pa masabata a chisoni.

Ziwerengero za apolisi chaka ndi chaka zimaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Mnyamata amene wakula akumva kuti mwamuna salira sapita kukagogoda pa ofesi yolembedwa kuti ya uphungu. Amalankhula akusenda nzimbe kuseri kwa hositelo, kapena pobwera ku mpira. Phunziro limene limangofikira atsikana, chifukwa ndiwo amabwera ku makalabu ndiponso ndiwo ali ndi amayi a Mother Group owayang'anira, lasiya theka la kalasi panja.

Ufiti, mizimu ndi pemphero

Mwana akaphunzira kusukulu kuti mlongo wake akudwala nthenda yochizika, amabwerera kunyumba kumene agogo atsimikiza kale kuti ndi azakhali a kutsidya anamulodza. Phunziro lonyoza chikhulupiriro cha makolo limaluza mkanganowo nthawi zonse, chifukwa oganiza zopita kuchipatala kapena ayi si mwanayo. Azaumoyo ambiri amene agwira ntchito m'midzi amasankha njira ina: salimbana ndi pemphero, amangopempha kuti wodwala afikenso kuchipatala, asamangidwe ndi zingwe, asasalitsidwe kudya, ndipo asasiyitsidwe mankhwala.

Chitsanzo chimene sukulu zambiri zogonera zimachidziwa ndi cha atsikana kukomoka motsatizana. Mmodzi wagwa m'hositelo, pofika madzulo agwa khumi, ena akukuwa kuti akuona zinthu. Madokotala amadziwa za mchitidwewu: mantha ndi kupsinjika zimafalikira pagulu la anthu okhala mothithikana, thupi n'kuonetsa zizindikiro zenizeni popanda kachilombo kalikonse. Si kunamizira. Zinachitikapo mu 1962 pa sukulu ya atsikana ya Kashasha ku Tanganyika (lero Tanzania), kumene kuseka ndi kulira kosaletseka kunafalikira mpaka sukulu inatsekedwa. Chimene chimathandiza ndi kuwapatula ogwawo pamalo a phee, kuwapima kuti pasakhale nthenda ina, kuchepetsa khamu loonerera, kenako n'kufunsa chimene chikupsinja anawo. Kawirikawiri pamapezeka mayeso ayandikira, chakudya chavuta, kapena pali wina akuwazunza.

Pamene anthu akusiyana maganizo

Ena akufuna phunziro lapadera, lokhala ndi piriyodi yake ndi mayeso ake, ponena kuti m'sukulu zathu chimene sichilembedwa pa MANEB chimadyedwa ndi masamu ndi sayansi temu yachitatu ikafika. Ena akuti ukangoliika pa mayeso lasanduka manotsi oloweza, ndipo ndi bwino kulimbikitsa mitu imene ili kale mu Life Skills n'kuphunzitsa bwino aphunzitsi ake. Maiko ena anasankha lamulo: boma la New York ku America linalamula sukulu zake kuphunzitsa za thanzi la maganizo kuyambira mu 2018, ndipo ku England zinakhala zokakamiza kuyambira mu 2020. Kuno chiganizo chotere chingadutse ku Unduna wa Zamaphunziro ndi ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kumene masilabasi amakonzedwa, ndipo chingafune kuti makoleji a aphunzitsi ayambe ndiwo.

Gulu lachitatu limafunsa funso lina. Mtsikana uja wa selufu boding'i, amene ufa unamuthera pa 15, tikamuphunzitsa kupuma mozama ndi kulemba zinthu zitatu zimene akuyamikira, tamuthandiza kapena tamutonza? Nkhawa yake ili ndi dzina ndi mtengo wake. Otsutsa amati maphunziro a thanzi la maganizo akhoza kusandutsa umphawi, nkhanza ndi njala kukhala vuto la m'mutu mwa mwana. Oikira kumbuyo maphunzirowa amayankha kuti ana awiri osowa fizi mofanana sagwa mofanana, ndipo amene wayamba kudwala amafunika chithandizo ngakhale fiziyo italipidwa mawa. Alangizi amene agwirapo ntchito m'sukulu amadziwa kuti masiku ena uphungu umathera pa kumvetsera, masiku ena umathera ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma kukafunsa za basale, kapena ku polisi ku nthambi yothandiza ozunzidwa, mwana ali pambali atagwira kope lake.